Pomwe Khasu Lagona Ndi Kwathu

Zaka zija matipate atangofika kumene, pamene aliyense anayamba kuyenda ndi nsalu ya chipani chake ndipo anthu a bere limodzi ankadutsana panjira osapatsana moni, kuno kwathu kunachitika nkhani imene ndikufuna muimve lero, poti ndakumvani mukukangana chiyambire m'mawa. Manja asaime, sokani fodyayo, ine ndikungofuna makutu. Mukufunsana kuti malire a kwathu ali pati, eti? Wina akuti ali pamtsinje wa Katsumwa, wina akuti ali pamwala wa simenti uja uli kuseri kwa sukulu, ndipo uyu watulutsa foni kuti afufuze pamapu. Fufuza mwana wanga, fufuza mpaka batire lithe, koma dzina loti Khasulimodzi sulipezamo. Aboma sanatilembe paliponse, okwera minibasi ya ku Kabudula amatidutsa akuwodzera, koma ife tilipo, ndipo tinalipo simenti isanabwere.

Ine Zakeyu ndakhala mkulu wa adzukulu, okumba manda, kuyambira ndevu zanga zili zakuda, choncho za malire musandiphunzitse. Malire athu sanaikidwe ndi munthu wokoka chingwe choyezera. Anaikidwa ndi khasu.

Amalume amene anandilera ankati m'nthawi ya nkhondo zakale, ankhondo atadutsa kuno n'kulanda zitsulo zonse, makasu, nkhwangwa, ngakhale timipeni ta amayi, pambuyo pawo panabwera nthomba, ndipo anthu ankafa chokumbira manda chili chosowa. Ankakumba ndi mitengo yosongola, dzenje losafika ndi m'chiuno momwe, afisi n'kumabwera kudzafukula. M'midzi yonse ya m'chigwa chino munatsala khasu limodzi lokha, la mpini waufupi, limene mayi wina anathawa nalo atalibisa m'dengu la mapira. Khasu limenelo linayamba kuyenda mudzi ndi mudzi kulondola kumene kwagwa maliro, ndipo nthomba itatha, makasu atachulukanso, anthu anakana kulibweza kumunda. Anati ili lisalimenso, ili n'lathu tonse.

Mwaliona inu nomwe likugwira ntchito, koma ambiri a inu pamaliro maso amakhala pa atsikana, ndiye ndikuuzeni. Ndilo limatema nthaka koyamba pamanda, ndipo ndilo limakumba kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo, pena ponse amakumba ndi makasu wamba. Maliro akatha, khasulo silibwerera kumene linachokera. Limagona pansi pa denga la wofedwayo, ndipo limakhala komweko mpaka kwina kudzagwe zovuta. Zikagwa, amene analisungawo amalinyamula, amuna a kwawoko n'kupita kukakumba manda a anzawo. Silituluka popanda maliro, ndipo siligona panja. Chitsulo chake chatha n'kusulidwanso kangapo, mipini yathyoka yosawerengeka, koma wosula aliyense amasiyamo kachidutswa ka chitsulo chakale chija. Tsono mudzi uliwonse umene khasulo linagonapo ndi kwathu, ndipo umene silinagonepo ndi kwa eni ake, ngakhale tikutunga pachitsime chimodzi.

Akunja ankatiseka nazo. Pamsika wa Nsaru ukangonena kumene wachokera, wina ankati awa ndiye amphawi enieni, midzi yonseyo khasu limodzi! Ife tinkangoseka nawo, chifukwa tinkadziwa kuti kwathu munthu sanagonepo masiku pasiwa kudikira okumba, ndipo sanaikidwepo ndi manja a abale ake omwe. Lero ndikumva kuti m'tauni okumba manda amachita kulembedwa ganyu, amakumba akumvera mpira pawayilesi, wakufayo osadziwa ndi dzina lake lomwe. Amenewo ndiwo akuti atsogola, ife ndife otsalira.

Malire athu sankaima malo amodzi. A Kumsangu, kumpoto uko, anali athu mpaka tsiku limene anakwiya chifukwa adzukulu anafika mochedwa pamaliro a nyakwawa yawo, n'kukagula khasu lawolawo kusitolo. Lero tikakumana timapatsana moni wabwino, koma akafedwa timapita ngati alendo, timakhala kumbuyo. A Kumiyala sanali athu, koma mwana wathu wamkazi anakwatiwa chitengwa kumeneko, anamwalira pobereka mitsinje itadzaza, ndipo amalume ake anawoloka ndi khasu m'madzi ofika m'khosi, kuyambira pamenepo Kumiyala ndi kwathu. Nthawi ya chipani chimodzi kunabwera anthu oyeza malo, anakhoma miyala yawo ija, anadula tsidya lonse la Katsumwa n'kulipereka kwa bwana wina kuti atsegule esiteti ya fodya. Minda yathu tinailirira m'mimba, poti nthawi imeneyo munthu sunkalira mokweza. Koma oyeza malowo khasu sanalifunse, ndipo ilonso silinawafunse.

Pa esitetiyo panabwera matenanti, anthu a kum'mwera, ambiri a ku Mulanje ndi Phalombe, atakwezedwa palole ndi akazi awo, ana awo ndi miphika yawo. Anawaika m'tinyumba ta udzu tondandalika, timene tinkangoti kumalayini. Tinakhala nawo moyang'anizana zaka ndi zaka, mtsinje uli pakati. Tinkagulitsana nkhuku, tinkamwa mowa umodzi, koma munthu wa kumalayini akafa, bwana ankatumiza mtembo kwawo ngati fodya wayenda bwino chaka chimenecho. Fodya akapanda kuyenda bwino, ife tsidya lino sitinkafunsa.

Pakati pawo panali a Mulipa, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, msana utapindika ndi kunyamula fodya. Munthu ameneyu anali ndi chizolowezi chimene chinkandidabwitsa. Kulikonse kumene kwagwa maliro tsidya lino, iye ankawoloka ndi mtolo wa nkhuni paphewa, kuutula pasiwa, n'kukakhala kumapeto kwa anthu chipewa chili m'manja. Palibe anamuitanapo, palibe anamupatsapo khasu kuti akumbe nawo. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Kodi a Mulipa, mumadzivutitsiranji chonchi?" Iye anati, "Kwathu n'kutali, bambo. Ndikalira anthu a kuno ndimakhala ndikulira akwathu amene sindinakawaike." Basi, sanaonjezerepo.

Tsono chaka chimene ndikunenachi, mvula ili pakati, fodya akuthyoledwa, a Mulipa anadwala chifuwa n'kumwalira. M'mawa mwake, dzuwa litakwera, ndinaona mayi ataima kuseri kwa nkhokwe yanga, mwana kumbuyo, akuopa kufika pakhomo. Anali akazi awo, amake Esinati. Mkazi wanga Nabanda, agogo anu aja amene ena a inu simunawaone, anakawagwira dzanja n'kuwakhazika pamphasa.

"Bambo," anatero mayiyo, "anzanga aja andisiya. Akapitawo akuti galimoto kulibe, misewu yaipa, fodya ali m'munda. Akuti madzulo ano awaike kumapeto kwa bulugamu, kumene amataya mapesi a fodya. Ine sindikupempha bokosi, sindikupempha chakudya. Ndikungopempha kuti akagone pamene pagona anthu."

Nabanda anandiyang'ana. Mayi ameneyo akakuyang'ana choncho, sunkafunanso mlaliki. Ndinatenga chipewa n'kupita kwa amfumu. Amfumu athu a nthawi imeneyo anali munthu wofatsa, woopa mikangano kuposa njoka, ndipo atamva anakanda m'mutu n'kunena kuti za kumanda amadziwa ndi adzukulu, iwo dzino likuwawawa. Ndinati zikomo, ndi zomwe ndimafuna kumva.

Vuto linali kumene khasu linagona. Linali kwa msuweni wanga Filimoni, mwana wa azakhali anga, chifukwa bambo ake ndiwo anali omaliza kuikidwa. Filimoni ameneyu matipate anamulowa m'mutu ngati mowa wa m'mawa. Anali wapampando wa chipani kudera kuno, kansalu ka chipani sikankachoka m'khosi ngakhale polima, ndipo anthu a kumalayini ankadana nawo powaganizira kuti anavotera a kwawo. Ndinamupeza pachigafa ngati chino, ali pamwamba akupachika fodya.

"Msuweni, tsika. Ndabwerera khasu."

"Wafa ndani?"

"A Mulipa."

Anatsika pang'onopang'ono, akundiyang'ana ngati ndavala malaya chozondoka. "Tenanti uja? Iwe Zakeyu, mutu wako ukuyenda bwino? Khasu la makolo athu liwoloke Katsumwa? Ukudziwa tanthauzo lake iwe. Likakagona kumalayini ndiye kuti kumalayini kwasanduka kwathu. Lero manda, mawa adzati tipatseni munda poti mafupa athu ali pano. Bwana wawo anatilanda minda, iwenso ukufuna uwapatse manda? Akawaike amene anawavoterawo!"

"Pamaliro a bambo ako," ndinatero ine, "nkhuni zimene unawotha zija anabweretsa ndi a chipani chako?"

"Nkhuni si ubale."

"Nanga anakulanda munda ndi Mulipa? Munthu wafa alibe ndi nsapato yomwe, iwe ukuti anakulanda munda? Bwana ukamuona umavula chipewa galimoto yake isanafike n'komwe, ukali wako wonse ukusungira mtembo!"

Anthu anayamba kusonkhana, ndipo musaganize kuti anali mbali yanga, ayi. Ambiri anali kwa Filimoni, chifukwa bala la minda lija linali lisanapole, ndipo munthu amene wapwetekedwa amamenya amene ali pafupi. Ena mwa adzukulu anga omwe anayang'ana pansi. Filimoni anakaima pakhomo la amayi ake atatambasula manja, nati khasu lituluka iye atafa. Ine mtima unali utapsa kale, ndiye ndinamuyankha kuti chabwino, tikumba awiri, nthaka ndi yofewa.

Chimene chinathetsa nkhani si nzeru zanga. Chitseko chinatseguka kumbuyo kwake, azakhali anatuluka akulikoka pansi khasulo, poti mphamvu zolinyamula analibe, n'kuliponya pamapazi anga. "Tenga, Zakeyu. Landikwana. Ndikadzuka ndilione, ndikamagona ndilione, likungondiyang'ana ngati likufunsa kuti nanga inu liti. Wofedwa ndine, si Filimoni. Pita nalo." Filimoni anatsitsa manja.

Mwa lamulo lake, amuna a kwa Filimoni ndiwo anayenera kukumba, koma anakana onse n'kubwerera ku fodya wawo. Amene ananditsatira anali ochepa, okalamba okhaokha ndi mlamu wanga wina wotsimphina. Tinakumba m'manda athu omwewa, mvula ikutinyowetsa, ndipo wotema koyamba ndinali ine. Nsalu yoyera yokulungira anapereka a Saidi, Msilamu amene anali ndi sitolo pamsika, amene atamva anangodula osafunsa kuti wakufayo ankapemphera kuti. Anzake a Mulipa a kumalayini anawoloka ndi mtembo pamachira a nsungwi, ndipo atafika m'mphepete mwa manda anaima, mapazi osafuna kulowa. Ndinachita kuwakalipira kuti, "Lowani! Mukuopa chiyani? Onse ali munowa ndi ofatsa." Anaimba nyimbo za kwawo, m'chilankhulo chawo, ife osamva ndi liwu limodzi lomwe, koma misozi inatuluka.

Titatha ndinalitsuka khasu, ndinawoloka nalo Katsumwa masanasana aliyense akuona, ndinakalitsamiritsa pakhoma m'kanyumba ka amake Esinati. Ndinati, "Mayi, sungani ili, tidzabwera kudzatenga." Iwo anagwada nati zikomo. Ife malamulo a khasu timayamwira m'bere, ndiye sitiganiza kuti pali munthu amene sawadziwa. Iwo sankawadziwa, ndipo panalibe wowauza, chifukwa tsidya lino anthu analeka kulankhula ndi a kumalayini, ine amene ena analeka kundiyankha moni. Filimoni anandipatsa dzina loti mfumu ya matenanti. Ndinkamuyankha kuti bola ine ndili ndi anthu.

Filimoni sanalekere pomwepo. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa pachigayo, ndipo anabwera ndi khasu latsopano lonyezimira, pepala lapasitolo lidakali pomwepo, nati lakale lija ladetsedwa, tiliiwale, malire athu kuyambira lero athera pamtsinje. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinadikira m'manjamo muthe, ndipo ndinaimirira n'kunena kuti, "Khasu labwino ndithu, msuweni. Tsono poti muli pano nonse, mundiuziretu: ndani akufuna kudzaliyamba? Ndani akuti amayi anga akadzafa mudzawatemere ndi ili, asadzagone mofanana ndi amayi awo? Kwezani mkono ndikuoneni." Panalibe mkono umene unakwera. Wina anayamba kutsokomola, wina anakumbukira kuti mbuzi sanamangirire, ndipo msonkhano unatha wopanda pemphero. Khasu lonyezimira lija linakathera kudimba la tomato.

Miyezi inapita popanda maliro m'midzi yathu yonse, chinthu chosaonekaoneka. Fodya anagulitsidwa, minda inayera, ndipo azakhali anagona pamphasa ndi chifuwa chimene aliyense ankati sadzukanso. Filimoni anawonda nazo, chifukwa kaya anali ndi zotani, amayi ake ankawakonda. Ku esiteti nako nthawi yosintha matenanti inakwana. Akapitawo anauza amake Esinati kuti mayi wopanda mwamuna sangapatsidwe munda wa fodya, nyumba ikufunika banja lina, ndipo lole yopita kum'mwera inyamuka masana omwewo.

Mayiyo anamanga katundu wake, ndipo poona khasu pakhoma anati chinthu cha eni sindingachisiye m'manja mwa alendo, sindingapitenso nacho ku Mulanje. Analikulunga m'chitenje chake chabwino, analisenza pamwamba pa mtolo, mwana kumbuyo, n'kutsetsereka ku Katsumwa kuti adzatibwezere. Ankachita ulemu, mwamva? Ulemu weniweni.

Amayi amene ankachapa pamtsinje ataona mpini ukusuzumira m'chitenje anataya zovala m'madzi n'kuthawa akukuwa. Khasu likuyenda popanda maliro! Kwa ife ndiye kuti likupita kukadzisankhira lokha munthu. Mukuseka, ana a sukulu inu, koma tsiku limenelo ngakhale aphunzitsi anatsekera ana m'kalasi. Ine ndinali kudimba, ndinathamanga ngati ndabwerera ku unyamata, ndipo ndinawapeza amake Esinati atawoloka kale, ataima pakati pa munda wokolola mtedza, osadziwa chimene alakwa. Anthu anali atawazungulira chapatali, wina osayandikira. Munda umenewo unali wa Filimoni.

"Imani pomwepo, mayi," ndinatero. "Musasunthe phazi."

Filimoni anafika thukuta likuyenderera. "Bwererani! Bwererani nalo komwe mwachokera!"

"Ndibwerere kuti, bambo? M'nyumba muja alowa kale ena. Lole ikundidikira."

"Ndiye lisiyeni pachitsamba apo, muzipita!"

"Khasu siligona panja, Filimoni," ndinatero ine. "Si iwe unkandiphunzitsa za makolo tsiku lija? Waiwala msanga bwanji? Limagona pansi pa denga la wofedwa. Ofedwa ndi awa, denga alibe. Akakwera lole, khasu libwerera kumene linali lisanapite kwa iwo. Ndilinyamula ndekha, ndikalitsamiritse kumutu kwa azakhali."

Kuti ndikanachitadi kapena ayi, musandifunse. Filimoni anandiyang'ana maso ali psu. Anayang'ana mpini uja, anayang'ana kumudzi kumene amayi ake anagona, anayang'ana munda wake, munda wabwino wa m'mbali mwa madzi umene ankadyerapo mtedza chaka ndi chaka. Kutsidya lole inayamba kuliza hutala. Amake Esinati anayamba kulira, akuti, "Ndikhululukireni, ine sindimadziwa, ndiloleni ndizipita." Pamenepo Nabanda anadutsa pakati pa anthu onse amantha aja, anakamasula mwana kumbuyo kwa mayiyo n'kumubereka yekha. Anangoima pambali pawo.

Filimoni anatembenuka n'kupita kumudzi. Anthu anati wapita kukatenga nkhwangwa yoti andiswe nayo mutu, ine ndinati abwere. Anabweradi ndi nkhwangwa, koma paphewa linalo anali ndi mitengo imene anazula pachigafa chake chomwe. Anaiponya pansi nati, "Kumbani mayenje. Ndipo denga likhale lolimba, lisamadonthe." Atandiona ndikumwetulira anati, "Usaseke iwe. Ndikumangira khasu, sindikumangira munthu."

"Inde msuweni," ndinatero, "koma khomo likhale lalitali, wolisunga angamagunde mutu."

Mudzi wonse unagwira ntchito tsiku limenelo, ndipo sindinaonepo nyumba ikuima msanga chotero. Amene anakana kukumba manda aja ndiwo ankathamanga ndi mitolo ya udzu, amene anathawa pamtsinje aja ndiwo ankasenda luzi. Lole inaliza hutala mpaka kutopa n'kupita. Dzuwa lisanalowe khasu linali pansi pa denga, amake Esinati ali pambali pake, akugwiragwira makoma a udzu osakhulupirira.

Azakhali anachira, ndipo anakhala zaka zina zambiri akutukwana nkhuku za anthu. Filimoni ankati ndi chifukwa cha nyumba ija, ine ndinkati ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo tinakangana zimenezo mpaka iye kumwalira. Koma nkhani ya mayiyo inali isanathe. Aliyense ankadziwa kuti chimene chikuwasunga pamundapo ndi khasu, ndipo tsiku limene lidzatuluke m'nyumbamo, mwini munda akhoza kubwera kudzazula mitengo yake. Iwo ankadziwa, ine ndinkadziwa. Ankagona ndi katundu wawo ali chimangire.

Amene anatsatira a Mulipa anali Nabanda. Mvula yoyamba itagwa anapita kukadzala chimanga, anabwerako akudandaula mutu, ndipo sabata isanathe anali atandisiya. Ine amene ndinaika anthu osawerengeka m'chigwa chino ndinakhala pakhonde manja ali lende, chifukwa wofedwa sakumba. Ndipo ndinakumbukira kuti kumene kwagona khasu kuli mayi mmodzi ndi kamwana, kulibe amuna oti atumizidwe. Ndinati mkazi wanga uja anabereka mwana wa mlendo pamaso pa mudzi wonse, lero asowa womukumbira.

Kutacha ndinamva nyimbo ikuchokera kumtsinje, ya chilankhulo chija sitichimva. Ndinadzutsa mutu. Amake Esinati anali patsogolo, khasu lili pamutu, losakulunga tsopano, ndipo kumbuyo kwawo kunali amuna a kumalayini, onse, ngakhale atsopano aja amene a Mulipa sanawaonepo, atasiya fodya wa bwana tsiku lowokera. Akapitawo anawaopseza kuti awachotsa ntchito, iwo anati khasu linagonapo kwathu, okumba ndife. Mayiyo anagwada patsogolo panga nati, "Bambo, tabwera kudzawagoneka amayi." Ine ndinalira mokweza pamaso pa anthu onse, ndipo sindichita nazo manyazi.

Anakumba manda akuya, kachipinda kosalala ngati kozira, ndipo m'dzenjemo, pakati pa matenanti, ndinaona msana wa Filimoni, malaya atavula, akuponya dothi. Pobwerera kumanda anayandikira amake Esinati, akuyang'ana kumbali monga ankachitira akamanena chinthu chomuvuta, nati, "Mayi, mvula yagwa. Mbewu ya mtedza muli nayo, kapena ndikutumizireni?" Usiku wake mayiyo anamasula katundu wake.

Tsono ndi amenewo malire amene mukufunawo. Esiteti ija inasintha eni, madera a makhansala awadula n'kuwadulanso, mafumu achuluka moti bambo ndi ana ake ndi mudzi kale chifukwa cha makuponi a feteleza, koma khasu likuyendabe, ndipo Katsumwa likuwoloka popanda wofunsa. Wina akadzabwera kudzakuuzani kuti a tsidya ilo si anzanu, kaya wavala nsalu ya mtundu wanji, mulandireni bwino, mumupatse mpando ndi madzi akumwa, musakangane naye. Mukatero mupite naye kumanda, mukamuonetse pamene pagona agogo anu, ndipo mumuuze amene anakumba. Ine ndikadzagona musadzasankhe okumba, ana inu. Koma zikadzachitika kuti khasu lagona kutsidya, musadzadandaule, mudzangowauza andiike pafupi ndi mkazi wanga, poti dzanja lawo ndikulidziwa kale.